Tiasilikali ta patebulo: penti wake amayenda bwanji?

Anyamata oweta ng'ombe kumadambo a ku Macanga ndi ku Tsangano akhala akuumba nkhunzi zadothi kuyambira kalekale, n'kumazigunditsa mitu mpaka ina ithyoke nyanga. Kumayiko ena masewera otere adakula nawo anthu mpaka kumera nawo imvi. Amagula tiasilikali tachitsulo kapena tapulasitiki, kutipenta okha, n'kutindandalika patebulo kuti timenyane motsata malamulo olembedwa. Zithunzi zake zikuyenda pa Facebook ndi pa YouTube, ndipo osema ziboliboli, oumba tizidole ta khola la Khirisimasi ndi aphunzitsi okonza zophunzitsira amadabwa kuti kanthu kochepa chonchi kakuoneka bwanji kamoyo.

Kodi masewerawa ndi otani, ndipo adayambira kuti?

Adayambira kwa asilikali enieni. Mu 1824, Georg von Reisswitz wa ku Prussia adaonetsa akuluakulu ake ankhondo masewera otchedwa Kriegsspiel, momwe tizidutswa topentedwa tinkaimira magulu a asilikali pamapu, kuti atsogoleri aziphunzira nkhondo popanda kukhetsa mwazi. Mu 1913 mlembi H. G. Wells adatulutsa buku la Little Wars, la malamulo osewerera tizidole ta asilikali. Masiku ano dzina lomveka ndi Warhammer, masewera a kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, omwe adatuluka mu 1983. Osewera amayala tebulo lokhala ndi timapiri, timitengo ndi tinyumba, amayeza mtunda ndi tepi, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati mkondo walasa kapena waphonya. Tiasilikali tambiri timatalika mamilimita 28 mpaka 32, kufupikirapo kuposa kamtengo ka machesi. Timagulitsidwa tosapenta. Ambiri mwa ogula sasewera n'komwe, chawo n'kupenta basi.

Nanga ta anthu a kwathu kuno tilipo?

Tilipo. Mark Copplestone wa ku England adaumba ankhondo a Chingoni a mamilimita 28, a zishango, mikondo ndi nthenga kumutu, ndipo Chris Peers adalemba malamulo osewerera nkhondo za mu Africa za zaka za m'ma 1800 m'buku la Death in the Dark Continent. Ndiye kuti kwinakwake kuli munthu amene akupenta Mngoni pomwe phiri la Domwe sadaliwonepo. Ife nkhani zake tili nazo pakhomo. Angoni a Maseko adakhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, Gomani Woyamba adaphedwa ndi Angerezi mu 1896, Mpezeni adagonja mu 1898, ndipo ufumu wa Macanga wa banja la Caetano Pereira ndi Achikunda ake udagwetsedwa ndi Apwitikizi mu 1902. Amene ali ndi mpeni wakuthwa kapena dothi labwino asadikire phukusi la ku England. Kapentedwe kake n'kamodzi, kaya kachidoleko ndi kachitsulo, kamtengo kapena kadothi.

Bwanji osangotenga penti n'kupaka? Primer ngwachiyani?

Chitsulo ndi pulasitiki n'zoterera, ndipo penti wamadzi alibe pogwira. Ukapaka mwachindunji amathawa n'kupanga timadontho, ndipo ngakhale auma, chala chimodzi chimamusenda. Primer ndi penti woyamba wopangidwa kuti akakamire pa chinthucho, n'kusiya khungu lokhakhala pang'ono lomwe mapenti ena amagwirapo. Amisiri owotcherera zitsulo amachita zomwezo akamapaka red oxide pa geti, omanga nyumba akamapaka andakoti. Kusiyana n'kwakuti pa kamsilikali primer ayenera kupyapyala kwambiri, apo ayi amakwirira maso, zala ndi mikanda. Musanapake, palani ndi nsonga ya mpeni timizere totsala pomwe chikombole chidalumikizana, ndipo tsukani kachidoleko ndi sopo ndi mswachi wakale, chifukwa mafuta a kufakitale ndi a m'manja mwanu amakaniza primer. Ngati ndi wopopera wa m'chitini, chikhutchumuleni mphindi ziwiri, imani pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30, popani modutsa, osati moima pamodzi. Musiyeni agone usiku umodzi.

Primer wabwino ndi wakuda kapena woyera?

Wakuda amakhululuka. Paliponse pomwe burashi yalephera kufika pamaoneka ngati mthunzi, koma mitundu yowala monga yachikasu ndi yofiira imafuna kupakidwa kangapo kuti ioneke. Woyera amawalitsa mitundu, koma amaulula paliponse pomwe mwadumpha. Wotuwa ali pakati, ndipo woyamba kumene ayambe ndi ameneyu. Akatswiri ena amapopa wakuda thupi lonse, kenaka woyera kuchokera pamwamba pokha, kuti mutu ndi mapewa ziyere pomwe m'khwapa ndi kunsi kwa chishango kutsale kwakuda. Penti wopyapyala akabwera pamwamba, kuwala ndi mthunzi zimakhala zilipo kale. Pa ankhondo opanda malaya, primer wa khofi amachepetsa ntchito, popeza gawo lalikulu la thupi limakhala latha.

Mapenti a kunjawo ndilibe, ndipo tizidole tanga n'tamtengo ndi tadothi. Ndiyambire pati?

Timabotolo ta Citadel, Vallejo ndi The Army Painter timapezeka m'masitolo a zamasewera ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo mtengo wake ndi wolira. Koma m'kati mwake muli penti wa acrylic, mtundu womwewo umene ojambula zithunzi amagula m'machubu m'mizinda ngati Lilongwe ndi Blantyre. Ku Tete funsani tinta acrílica. Mitundu isanu ikukwanira: wakuda, woyera, wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Khofi wowonjezera ndi wothandiza. Primer wa galimoto wa m'chitini amagwira bwino pa chitsulo ndi pa pulasitiki wolimba, koma amasungunula thovu lotetezera katundu m'makatoni, ndipo pa pulasitiki wofewa amatha kukhala wonata osauma.

Mtengo ndi dothi vuto lake ndi lina. Sizoterera, koma zimamwa penti. Mtengo uyambe wauma bwino, usalazidwe ndi sandipepa, kenaka upakidwe guluu woyera wa matabwa wosungunulidwa ndi madzi kuti timabowo titsekeke. Ukauma, tiubweya ta mtengo timadzuka, ndiye salazaninso pang'ono. Mtengo wofewa ndi woyera ngati malaina ndiwo woyenera. Phingo ndi mlombwa musazipente, n'kuwononga mtengo womwe uli kale ndi kukongola kwake. Dothi labwino ndi lowotcha. Losawotcha limafewa likakhudzana ndi penti wamadzi ambiri, choncho liume kotheratu pamthunzi, lilandire guluu kawiri, ndiyeno penti woyera kapena wotuwa wopyapyala akhale primer wake.

Penti wokhuthala amabisa msanga. Bwanji kumusungunula?

Pakhoma mawuwo ndi oona. Pa kanthu ka mamilimita 28 ndiwo amapha ntchito. Mphuno ya kamsilikali ndi yochepa kuposa njere ya mawere, ndipo penti wokhuthala amaisandutsa chotupa, amasiyanso mikwingwirima ya burashi yomwe siichokanso. Kupaka kawiri kapena katatu mopyapyala kumapambana kupaka kamodzi monenepa, ndipo acrylic wopyapyala amauma pa mphindi zochepa. Yesani pa nyuzipepala: penti wa mtundu woyamba azibisa zilembo koma osati zonse pa ulendo umodzi. Akangozikwirira n'kusiya phiri, wonjezerani madzi. Penti wamafuta wa zitseko ndi mawindo muleke, ndi wolemera, amachedwa kuuma, ndipo wamadzi sagwira bwino pamwamba pake. Kuti penti asaume musanamalize, yalani nsalu yonyowa m'mbale yaphanthiphanthi, ikani pepala lophikira makeke pamwamba, n'kumasakanizira pamenepo.

Wash n'chiyani, ndipo amagwira bwanji ntchito?

Kanthu kakang'ono kalibe mithunzi yakuya. Pa munthu weniweni, makwinya a nsalu ndi mpata wa pakati pa zala zimadzipangira mdima, koma pa kachidole dzuwa limalowa paliponse, ndiye kamaoneka kaphwatalala. Mthunzi uyenera kupentedwa. Wash ndi penti wakuda kapena wa khofi wamadzimadzi kwambiri amene amayenda yekha. Amachita zomwe madzi a mvula amachita m'munda, kutsetsereka pamwamba pa mizere n'kukadikha m'ngalande. Akauma, mdima umatsala m'makwinya mokha, ndipo nkhope yomwe idali yaphwatalala imatulukira maso, milomo ndi masaya. Otchuka ogula ndi Nuln Oil wakuda ndi Agrax Earthshade wa khofi, onse a Citadel. Wopanga nokha ndi gawo limodzi la penti, magawo asanu kapena kuposerapo a madzi oyera, kadontho ka guluu woyera kapena acrylic medium kuti utoto ugwirane, ndi kadontho kochepetsetsa ka sopo wamadzi wotsukira mbale. Sopoyo ndiye amathyola kukakamirana kwa madzi kuti alowe m'timing'alu m'malo mokhala mulu pamwamba. Osema ziboliboli amene amapaka polishi wa nsapato n'kupukuta pamwamba adayidziwa kale nzeruyi, koma polishi ndi phula, ndipo penti sagwiranso pamwamba pake.

Wanga ndikapaka wash, kachidole kamada konse ndi kusiya mabanga. Ndikulakwitsa pati?

Kawirikawiri ndi kuchulutsa. Wash akadikha pamalo osalala ngati pamsana kapena pachishango, utoto umathamangira m'mphepete mwa dontholo pouma, n'kusiya mkombero wakuda. Mukangopaka, pukutani burashi pansalu n'kuikhudzitsa pomwe padikha kuti imwe otsalawo. Akayamba kuuma musamukhudzenso, mumang'amba khungu lake, ndipo banga limenelo ndi loipa kuposa loyamba. Mpatseni theka la ola kapena kuposa. Dziwaninso kuti wash si mapeto. Amadetsa pang'ono thupi lonse, choncho mumabwereranso ndi mtundu woyamba uja pamalo otukuka okha, kenaka mtundu wowalirapo pansonga monga pamphuno, pamapewa ndi pamfundo za zala. Pa nthenga, ubweya ndi udzu wa denga pali njira yachidule: viikani burashi yakale mu penti wowala, ipukuteni mpaka ikhale ngati ilibe kanthu, n'kuisesa mopepuka pamwamba. Penti amatsala pansonga zokha. Wash wakuda pa chilichonse ndi ulesi. Nsalu yofiira imafuna wa khofi, yoyera imafuna wotuwa kapena wa khofi wopepuka, chitsulo cha mkondo ndicho chimalandira wakuda.

Nanga glaze akusiyana pati ndi wash, popeza onse ndi amadzimadzi?

M'mbale amatha kufanana. Kusiyana kuli pa burashi ndi pa cholinga. Wash mumadzaza burashi n'kumusiya apite komwe akufuna. Glaze mumamulamula: mukaviika, mumakhudzitsa burashi pansalu mpaka itsale yachinyezi chabe, n'kupaka kagawo kopyapyala koonekera mkati pamalo amene mwasankha. Pa nyuzipepala ija, zilembo zimawerengeka bwinobwino, zimangosintha mtundu. Ntchito yake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kusintha mtundu popanda kufafaniza zomwe zili pansi, monga kufiiritsa masaya kapena kuika dzimbiri pa mfuti ya gogodela. Yachiwiri ndi kufewetsa malire pomwe mtundu wowala wakumana ndi wakuda modukiza. Utoto wambiri umatsala pomwe burashi yanyamukira, choncho kokerani kumene mukufuna kuti kude. Ulendo woyamba simuona kanthu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amataya mtima n'kukhuthalitsa penti. Pakani kachiwiri, kachitatu, kachisanu, kulola gawo lililonse liume. Njirayi ndi yakale. Jan van Eyck, wojambula wa ku Flanders wa zaka za m'ma 1400, ankaunjika magawo opyapyala a penti wamafuta mpaka nsalu za pazithunzi zake zinkaoneka zowala kuchokera mkati.

Kodi ndi glaze yemweyo wa pa makapu a ku Dedza?

Ayi. Wa ku Dedza Pottery, yomwe idayamba mu 1987, ndi wa mbiya: ufa wa miyala umene umasungunuka m'ng'anjo yotentha kuposa madigiri 1,000 n'kusanduka galasi. Wa tiasilikali ndi penti wamba, sayandikira moto.

Khungu la munthu wakuda limapentedwa bwanji?

Osati ndi penti wakuda. Yang'anani dzanja lanu padzuwa: muli khofi, mofiirira, mwina mwachikasu, ndipo m'mithunzi muli kabuluu. Yambani ndi khofi wakuya. Pakani wash wa khofi wothira kabuluu kapena kapepo pang'ono. Powalitsa pamphumi, pamasaya, pachifuwa ndi paminofu ya mikono, musathire woyera, chifukwa amatuwitsa khungu n'kukhala mbuu, la munthu wosadzola. Thirani lalanje kapena chikasu chodera. Pomaliza, glaze wofiira wopyapyala pamilomo, pamasaya ndi m'mawondo amabweretsa magazi m'thupi. Zikhatho ndi mapazi kunsi n'zoyererapo, ndipo amene amakumbukira zimenezi ntchito yake imadziwika. Pagulu la ankhondo makumi awiri, sinthani khofi wanu katatu kapena kanayi, pakuti palibe mudzi umene anthu ake onse ndi a khungu limodzi. Maso asakuvutitseni: pa msinkhu umenewu kamzere kakuda kamakwanira, ndipo madontho oyera aakulu amapangitsa msilikali kuoneka wodzidzimuka. Za zishango, zikopa ndi nthenga musakope m'mabuku okha. Ovina ingoma alipo, ndipo pa Umhlangano wa Angoni a Maseko ku Nkolimbo m'boma la Ntcheu mumaona nokha kuti chikopa cha ng'ombe sichiyera ngati pepala, chimakhala chachikasu pang'ono, ndipo mawanga ake alibe malire owongoka.

Kodi nyengo ili ndi kanthu?

Ili nako, makamaka kumtunda kozizira ngati ku Furancungo ndi ku Tsangano. M'mawa wa June ndi July, chitini chozizira chimalavula madontho akuluakulu, ndipo nkhungu kapena chinyezi cha dzinja chimasiya primer wamiyalamiyala ndi vanishi woyera ngati ufa. Popani dzuwa litakwera, tsiku louma. Chitini chiikeni m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi zingapo, koma pafupi ndi moto chisayandikire, chimaphulika. Mu October vuto limatembenuka: penti amauma ali m'mwamba asanafike pa kachidole, ndipo fumbi limamatirira pa wash wonyowa. Vindikirani ntchito yanu ndi beseni pamene ikuuma.

Dothi lamitundu ndi mwaye sizingalowe m'malo mwa penti wogula?

Zingathe, pa mitundu ina. Penti ndi ufa wa mtundu ndi chomatira basi. Katondo, dothi loyera ndi mwaye zakhala zikukongoletsa makoma a nyumba zathu, ndipo zithunzi za pamiyala ya ku Chongoni, malo 127 omwe UNESCO idawazindikira mu 2006, zidajambulidwa ndi utoto wofiira ndi dothi loyera. Vuto ndi kukula kwa njere. Sungunulani dothi m'madzi, dikirani mchenga ukhale pansi, tsanulirani madzi amtunduwo m'chiwiya china, aume, ndipo ufa wotsalawo muupere ndi kuusakaniza ndi guluu woyera wosungunula. Pa nthaka ya pansi pa mapazi a kamsilikali, patinyumba ndi patimapiri, palibe penti wa kunja amene angapose katondo weniweni. Pa glaze wa pankhope, acrylic wogula ndiye wosalala. Zakuda za m'mabatire akutha zisiyeni, si makala wamba.

Ndikamaliza, ndingateteze bwanji? Nanga ndikalakwitsa?

Tiasilikali tosewerera timagwidwagwidwa, choncho vanishi ndi wofunika. Wonyezimira ndi wolimba koma amabisa mithunzi yomwe mwavutikira, ndiye ambiri amapaka wonyezimira poyamba, wosawala pamwamba. Vanishi wa matabwa amakhala wachikasu pakapita nthawi, yesani kaye pa kachidole kamodzi. Penti wolakwika pa chitsulo kapena pulasitiki amachoka mukaviika usiku mu sipiriti kapena mu Dettol n'kutsuka ndi mswachi. Thinner ndi petulo zimasungunula pulasitiki. Chamtengo ndi chadothi musachiviike, chisalazeni ndi kuyambanso pa primer.

Pali choopsa chilichonse?

Tiasilikali takale tachitsulo tili ndi mtovu, tisafike m'kamwa mwa ana, ndipo mukatipala sambani m'manja. Popani panja. Chizolowezi chosongola burashi ndi milomo chilekeni, popeza mapenti ena ofiira ndi achikasu a ojambula ali ndi cadmium.

Kodi chilichonse n'chololedwa kuchiumba ndi kuchiseweretsa, ngakhale zilombo za gule?

Apa burashi iyambe yaima. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma kudziwika kunja sikudachotse eni ake. Ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni mu 1976, nyumba ya Chamare imasunga nkhope za gule mazanamazana pofuna kuphunzitsa, ndipo ntchitoyo idatenga zaka zambiri za kukhala pansi ndi akuluakulu a m'midzi. Kuumba chilombo kuti chizigubuduzika ndi madayisi ndi nkhani ina, ndipo wosameta afunse kwa a mfumu ndi akuluakulu a kudambwe asanakhudze dothi. Za nkhondo nazo zili ndi pake. Magulu ena a tizidole ta ku Ulaya amagulitsidwa pansi pa dzina la Darkest Africa, lomwe likununkha maganizo a atsamunda, ndipo patebulo lotere n'kosavuta kuti Mwafirika akhale khamu lopanda nkhope lodikira mfuti ya Maxim. Ine ndimaona kuti wopenta wa kuno ali ndi mwayi wokonza zimenezo, popatsa aliyense nkhope yake ndi zovala zoona. Koma nkhondo zathu sizidali za azungu okha. Angoni ankagwira Achewa, Achikunda ankagwira akapolo, ndipo m'mabanja ena nkhanizi zikukambidwabe. Kumene mdzukulu wa wolanda ndi mdzukulu wa wolandidwa amagulitsa mbatatesi pamsika umodzi, osewera ayambe amvana kuti nkhondo yomwe ayale patebulo ndi iti.